Mphika wa Abiti Saidi

Ndikamva fungo la mphika wadothi wongotsukidwa kumene, uja auvundikira padzuwa kuti uume, ndimawaona Abiti Saidi, mayi amene tinayandikana nawo nyumba pa Nsaru m'zaka za m'ma 1950, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amuna awo, Che Amidu, anali telala pakhonde la sitolo ya Mmwenye, ndipo m'mudzi monsemo Asilamu anali awiriwo basi. Ife tinali a tchalitchi.

Ndinkawasuzumira pampata wa mpanda waudzu. Kasanu pa tsiku ankatunga madzi m'kachitini n'kusamba m'manja, m'kamwa, kumaso, mikono ndi mapazi, kenako n'kuyala kamkeka kuyang'ana kumpoto, n'kugwada mpaka chipumi kukhudza pansi, nkhuku zikudutsa pambali, iwo osacheuka. Nditawafunsa kuti kumpotoko kuli chiyani, anati kuli mzinda umene anabadwirako Mtumiki wawo.

"Mulungu ndi mmodzi, alibe mnzake," anatero akusenda mtedza. Chipembedzocho, anati, chinabwera ndi amalonda ochokera kunyanja yamchere, chinawapeza agogo awo kwawo kwa Ayao, ndipo iwo anachinyamulira pamodzi ndi makina osokera potsata misika ya fodya.

Chaka chimenecho mphika wathu wa ndiwo unasweka, amayi n'kukabwereka wa Abiti. Tsiku lina amayi ali kumaliro, abambo anabwera ndi mwendo wa nguluwe imene anthu anapha m'munda wa chimanga, ndipo ndinaphika ine, mumphika womwewo. Ndinkadziwa kuti Asilamu sadya nkhumba. Koma m'mutu mwanga nguluwe inali nyama ya kutchire, m'bale wake wa gwape.

Amayi atafika anangonunkhiza.

"Waphikira muti?"

Ndinaloza.

"Kwecha ndi mchenga ndi phulusa. Mawa ukabweze, ndipo pakamwa pakopo utseke. Ukufuna atione ngati anthu otani?"

Ndinakwecha mpaka zala kuwawa, koma dothi limamwa mafuta, aliyense wophika amadziwa zimenezo. Ndinakabweza, Abiti anathokoza.

Unali mwezi wa Ramazani, umene iwo sadya kapena kumwa kanthu kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Madzulo Abiti ankaphika futali, mbatata yothira nsinjiro, milomo yawo itauma gwa, utsi ukuwatulutsa misozi, osalawa ngakhale mchere. Ankaphikira mumphika uja, ndipo ankandipatulira wanga m'kambale. Masiku atatu ndinalandira n'kudya.

Tsiku lachinayi, dzuwa litatsala pang'ono kulowa, ndinayankhula.

"Abiti, mumphikamo ndinaphikiramo nguluwe."

Chipande chinaima.

"Liti?"

"Lachiwiri."

"Amayi ako akudziwa?"

Ndinayang'ana pansi.

"Chabwino, wandiyankha."

Che Amidu, amene anakhala pachitsa kudikira dzuwa, anapukusa mutu. "Ine ndimati mayiwa ayamba kudziwa kuphika, eti."

"Khalani chete inu," anatero Abiti. Anaphula mphika, anaukulunga ndi masamba kuti usandiotche, n'kundisenza pamutu, futali ali momwemo. "Pita nawo, ndi wanu tsopano. Chimene munthu wadya osadziwa, Mulungu samuwerengera. Ife tadya osadziwa. Iwe ndiye wakhala ukudya ukudziwa."

Pampata paja ndinacheuka. Dzuwa linali litalowa, ndipo anthu awiri amene sanadye tsiku lonse anali kumasula kusala kwawo ndi madzi ndi mtedza wosakazinga.

Amayi sanandimenye. Anauyang'ana mphikawo nthawi yaitali. M'mawa anapita ndi dengu la chimanga kwa mayi woumba mbiya, anabwerako ndi mphika watsopano, n'kukausiya okha pakhomo pa Abiti. Zimene anakambirana sindinamve. Pa tsiku la Idi, chikondwerero chotsekera mweziwo, mbale ya mpunga inadutsa pampata monga kale. Kubwerekana mtondo ndi sefa kunapitirira, koma mphika ayi.

Lero ndine mphunzitsi, satifiketi ili pakhoma, ndipo ndili ndi mwana wamkazi wazaka zisanu, Esinati, amene ndimadera naye nkhawa pa chilichonse, chifuwa, chitsime, mawu amene akutola kwa ine. Amene amandisungira ndikakhala kusukulu ndi mayi wachisilamu wa nyumba yachitatu kuchokera pathu. Sabata yatha mwana wawo anadya kwathu mazira amene ndinakazingira m'chiwaya chimene dzulo lake ndinaphikiramo nkhumba. Ndinakumbukira za chiwayacho mbale zili kale zopanda kanthu. Ndinaganiza za mawa, kuti mayiwo akakwiya, mwana wanga ndimusiya ndi yani, ndipo ndinangodzimva ndikunena kuti, "Esinati, usakanene zimenezi."

Anali mawu a amayi anga enieni, ngakhale kanenedwe kake. Esinati anandiyang'ana n'kugwedeza mutu kuvomera, ndipo kuvomera msangako ndi kumene kunandiopsa.

Ndinamanga chitenje, ndinamugwira padzanja, tinapita kukagogoda kwa mayiwo. Ndinafuna kuti ndikamanena, iye akhale pomwepo akumva.