A Telala ndi Miyendo ya Odwala Chiwindi

Sabata yatha mpingo wathu unaika m'manda a Telala, ndipo ndapemphedwa kuti ndilembe mwachidule za moyo wawo.

Bambo awo anamwalira iwo akadali aang'ono, ndipo amalume awo ndiwo anawaphunzitsa kusoka pakhonde la sitolo. Kuyambira ubwana sankadziwa kukhala pansi. Mayi awo ankati, "Mwana uyu mpando umamuotcha." Atakula n'kukwatira, khalidwelo analowa nalo mu mpingo: kusesa, kukhoma mabenchi ogwedera, kusokera ana amasiye mayunifolomu. Ngakhale kolona ankapemphera akuyenda uku ndi uku.

Imvi zitayamba, maso awo anasanduka achikasu, mimba n'kutupa. Dokotala anati chiwindi chauma ndi zipsera chifukwa cha kachilombo koononga chiwindi kamene kanakhalitsa m'magazi. Mowa sanaulawepo, koma ena mwa ife tinayamba kunong'ona kuti amamwa mobisa. Akazi awo anafuna kukatiyankha pagulu, koma iwo anakana.

"Asiyeni, mayi. Ndikadziyeretsa ine, ndiye kuti ndadetsa anzanga amene ndimakhala nawo pamzere kuchipatala."

Chimene chinawazunza koposa ndi kukokana kwa minofu. Akupalasa makina, katumba ankauma gwa ngati mwala, zala n'kupindikira pa sizasi osatambasuka. Tsiku lina anagwa pakhonde, diresi la mwini lili m'manja. Tulo tinawathawa, kukhala sankatha, kuyenda sankathanso. Anandiuza kuti masiku amenewo pemphero lawo linali limodzi: "Ambuye, mwandisiyira mtima wothamanga, nanga miyendo mwanditengeranji?"

Atadandaula kuchipatala, dokotala anawayeza magazi n'kusintha mlingo wa mankhwala okodzetsa. Namwino anawaphunzitsa kuwongola mwendo, kukokera zala za kuphazi kumtunda, kuthowa ndi nsalu yofunda, ndiponso kusagula mapilitsi a ululu mwachisawawa poti ena amavulaza wodwala chiwindi. Ululu sunathe, koma unachepa.

Basi, a Telala anapeza ntchito ina. Tsiku la odwala chiwindi ankalawirira ndi fulasiki ya madzi ofunda ndi zidutswa za nsalu zotsala posoka, n'kumazungulira mabenchi. Wina akangofuula, iwo agwada kale, phazi lili m'manja. Namwino ankawakalipira: "Bambo, inunso ndinu wodwalatu, khalani pansi!" Ankakhaladi, koma matako asanafunde anyamukanso.

Kumeneko anakumana ndi dalaivala wina wa malole, chidakwa chotheratu, amene mkazi ndi ana anamuthawa. Tsiku loyamba anawakankha.

"Chokani apa, achikulire. Ine ndinadzipha ndekha, musandipempherere."

"Sindikupemphera, achimwene, ndikuwongola mwendo. Tambasulani."

A Telala anayamba kupita kuchipinda chimene dalaivalayo ankachita lendi, kukamuchapira zofunda ndi kumukumbutsa mankhwala. Kawiri konse anamupeza ataledzeranso. Akazi awo anafunsa ngati sakutaya mphamvu zawo zochepazo pachabe. Iwo anangoti, "Msoko ukamasuka timabwerezanso." Manong'onong'o athu anakula titawaona akulowa m'kanjira ka kumabala, koma sanatiyankhe.

Chaka chino thupi linakana. Anagona pabedi, komabe ankafunsa za odwala mmodzimmodzi, n'kumatuma akazi awo kukasiya nsalu kuchipatala. Masana a tsiku lomaliza, atalandira masakramenti, mwendo unakokananso. Dalaivala uja, amene anabwera kudzawazonda, anagwada n'kugwira phazi, nayamba kulikoka mwamphamvu.

"Pang'onopang'ono, achimwene," anatero a Telala akumwetulira. "Si giya imeneyo."

Katumba anafewa. A Telala anagwira dzanja la akazi awo, natsinzina, ndipo anapita mwakachetechete dzuwa lisanapendeke.

Pamaliro, dalaivalayo anaima kumbuyo kwenikweni, poopa kuti tingamuthamangitse. Akazi a malemu ananyamuka pamene anakhala, anadutsa pakati pathu tonse, namugwira dzanja kukamukhazika pamodzi ndi abale.

Ambuye awapatse mpumulo wosatha.