Atelala Aphunzira Kukana

Mayi osoka zovala pakhonde la sitolo ya zitsulo aja anthu amangowatchula kuti Atelala. Makolo awo atamwalira, iwo monga oyamba kubadwa anasiya sukulu n'kukhala pamakina. Azibale awo onse anaphunzira ndi ndalama za zigamba, mazipi ndi mayunifolomu. Anakula, ena mpaka kumanga mataye, koma njira ya pakhondepo sanaiiwale. Amatulukira mwezi ukatha, moni wautali, kufunsa za msana, kenako n'kutsitsa mawu. Abale otere amadziwa tsiku limene munthu walandira, koma tsiku limene wadwala saliona.

Chaka chino mchimwene wawo wotsiriza anabwera ndi yatsopano. Ankafuna njinga yamoto yonyamulira anthu, ndipo wobwereketsa ndalama ankafuna chikole. Chikolecho akhale makina. Atelala anayankha kuti aganiza kaye, ndipo banja lonse linkadziwa kuti akatero ndiye kuti avomera. Koma ulendo uno mtima unawathawa, chifukwa makina akapita, chakudya chapita, lendi yapita.

Kasitomala wina ndiye anawalozera kachipinda ka kuseri kwa laibulale, komwe amalangiza anthu za ndalama mwaulere. Muli tebulo lopendama, mipando iwiri yapulasitiki ndi windo losatsekeka. Banki yoyandikana nayo ili ndi magalasi ndi mlonda, koma sinaphunzitsepo wosauka kusunga kanthu, yake ndi kudula ndalama basi. M'kachipindamo mumakhala mkulu wina wopuma pantchito, amene kale ankalipira antchito pafakitale. Anthu amati Akalaliki.

Atelala ankayembekeza kuuzidwa kuti achepetse shuga ndi sopo. Akalaliki anamvetsera nkhani yonse, kenako anadzuka, kutuluka, n'kugogoda pachitseko.

"Odi, achemwali! Msanawo uli bwanji?"

Atelala anaseka. "Kodi bambo, zakhala bwanji?"

"Ine ndine mchimwene wanu, ndabwerera makina. Ndikanizeni."

"Aa, ndiganiza kaye."

"Basi, apita amenewo. Mawa muzisoka ndi mano. Tiyambirenso."

Anatulukanso, n'kulowa atagwetsa mapewa, mawu ali onjenjemera. "Munandilera nokha, achemwali. Ndiye mundisiye lero?"

Apa Atelala sanaseke. Misozi inangoyamba kutsika. Akalaliki anakhala pansi n'kudikira mpaka mayiwo atapukuta kumaso.

"Pamenepo ndi pamene amakugwirani," anatero. "Bajeti yanu ilibe vuto, mayi, mumadya ngati mbalame. Chimene simudziwa ndi kukana. Chimenecho tiziphunzira ngati mmene munaphunzirira kuika zipi."

Anapitako masabata angapo. Mkuluyo tsiku lina ankanyengerera, lina kukwiya, lina kuopseza kuti akauza azakhali. Atelala ankakana motsitsa, kenako mokweza, mpaka wa mulaibulale anabwera kudzafunsa ngati kuli ndewu.

Mchimwene weniweni anafika masana ena, ali ndi munthu wa wilibala kumbuyo kwake. Atelala anali akupinda siketi. Mawu onse amene anakonzekera anabalalika. Anangotsamira pamakinapo ndi manja onse awiri.

"Makinawa sachoka pano."

"Achemwali, wa wilibalayu ndamulipira kale."

"Akunyamule iweyo."

Wa wilibala anaseka, ndipo kusekako kunamupsetsa mtima mchimweneyo. "Ndamva ine! Ndi amadala a kulaibulale aja akupotozani mutu. Ndiwo alamu athu atsopano eti?"

"Ngati ukufuna ndalama, simbi ndi iyo. Usite mayunifolomuwa, ndikulipira."

Mchimweneyo anawayang'ana ngati amutukwana, n'kutembenuka. Madzulo omwewo azakhali anaimba foni kunena kuti mayi awo akanakhala moyo akanachita manyazi. Azakhali omwewo sanagulirepo anawo ngakhale pensulo pamene ankaleredwa, koma pa zamanyazi ndi akatswiri.

Atelala atakafotokoza kukachipinda kuja, ankaganiza kuti aomberedwa m'manja. Akalaliki anangofunsa kuti, "Nanga mukumva bwanji?"

"Ngati ndachokera kumaliro."

"Ndi zoona. Zimenezo ine sindingachize. Ine ndimangothandiza kuti mulire muli ndi chakudya m'nyumba."

Makina akadali pakhondepo, ndipo mwezi uno lendi yalipiridwa pa nthawi yake. Mchimweneyo njinga sanagule. Amadutsa mumsewu womwewo popita kukafuna maganyu, koma amayenda tsidya linalo, maso ali pafoni. Atelala amamuona akadali patali. Amasiya kupalasa, kumudikira kuti mwina lero acheuka, ndipo akapitirira amatsitsanso singano.