Loweruka Limene Ndinayankhula ndi Apongozi Anga

"Kodi amake mwana, apongozi anuwa asamukira kuchimbudzi?"

Anandifunsa choncho ndi aneba anga, mayi wa khomo loyandikana ndi lathu, ine ndikuyanika matewera pachingwe. Linali Loweruka, dzuwa litangopendeka pang'ono. Ndinaseka poti mayiwo ndi anthabwala, koma iwo sanaseke nawo.

"Ine ndakhala ndikuona chiyambire m'mawa," anatero. "Akatuluka, asanafike ndi pakhonde pomwe, abwereranso. Ndipo ndawamva akubuula mkatimo. Munthu wamkulu sabuula chabe."

Kumalaini, kunyumba za antchito a pa esiteti ya tiyi, chimbudzi chimodzi timagwiritsa ntchito mabanja anayi. Palibe chobisika. Munthu akatsegula m'mimba, mzere wonse umadziwa asanamwe ndi mankhwala omwe.

Apongozi angawo ndi bambo a amuna anga. Anabwera Lachitatu kuchokera kwa Nsabwe kudzaona mdzukulu wawo, mwana wanga wamkazi, amene nthawi imeneyo anali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Anabwera ndi mkoko wa nthochi ndi nandolo wouma m'kathumba. Kale anagwirapo ntchito ya ulonda pa esiteti yomweyi, ndiye akuluakulu ambiri ankawadziwa.

Chikwatiwire ndinali ndisanayankhulepo nawo maso ndi maso. Ndi mmene tinaleredwera. Apongozi aamuna suwayang'ana kumaso, sukhala nawo pamphasa imodzi, chinthu suwapatsira m'manja. Umaika pansi, n'kubwerera m'mbuyo. Mwanayu atabadwa zinapepukako, chifukwa tinapeza podutsira mawu. Ndinkagwada pakhomo mwana ali m'manja n'kunena kuti, "Iwe, auze agogo kuti madzi osamba atentha." Iwo ankayang'ana khandalo n'kuyankha kuti, "Uwauze amako kuti ndamva. Uwauzenso kuti mchere wa dzulo uja akanasungako wa mawa." Ine ndinkaseka nditayang'ana pansi, iwonso kumaseka atayang'ana mwana. Tinkacheza choncho mpaka nthawi kutha. Ndinkawakonda bambo amenewa.

Aneba atandifunsa funso lija, zinthu zomwe ndinkaziona osaziganizira zinandibwerera. Tiyi wa m'mawa anabwerera kapu yodzadza. Madzi akumwa omwe ndinawaikira pambali pa mphasa sanawakhudze masiku awiri. Ankayenda atatangadza, dzanja lili kumsana. Ndipo tsikulo kunkatentha, koma iwo anali atafunda bulangete.

Ndinatapa phulusa m'mbale ngati ndikukathira kuchimbudzi. Pasimenti panali madontho ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo fungo lake linali loipa, losiyana ndi la masiku onse. Ndinathira phulusa lija.

Ndinakagwada pakhomo.

"Iwe, afunse agogo, thupi likuwamva bwanji?"

"Uwauze amako ndi kamalungo chabe," anayankha. Mano ankagundana mpaka mawu kumaduka. "Tikaona Lolemba."

"Auze amweko madzi."

"Madzi ayi. Uwauze amako madzi ayi."

Apo ndinadziwa. Ankaopa kumwa chifukwa ankaopa kukodza.

Amuna anga anali kufakitale. Inali nyengo ya mvula, masamba a tiyi atachuluka, ndipo shifiti yawo inkatha dzuwa litalowa. Mafoni amawasiya polowa. Ndinaimba kanayi, foni kumangolira yokha m'kabati. Kiliniki ya esiteti Loweruka imatsekedwa thwelofu koloko, kutsegulanso ndi Lolemba, ndipo nthawi inali itadutsa kale wani.

"Malume anga anadikira Lolemba chomwechi," anatero aneba, mawu atatsitsa. "Lolembalo ife tinali kumanda. Pitani kukiliniki, anesi amakhala kuseri komweko. Kaya akakuthamangitsani, mukathamangitsidwe mutanena."

Ndinali nditatereka nandolo uja pamoto. Sindinamukumbukire n'komwe. Ndinabereka mwana n'kudutsa njira yachidule ya m'munda wa tiyi, masamba onyowa akundikwapula m'miyendo.

Geti la kiliniki linali lokhoma. Mlonda wake anali bambo wachikulire, atakhala pa mpando pansi pa mtengo, wayilesi ili pakhutu.

"Kwatsekedwa, mayi. Lolemba."

"Ndikufuna anesi. Kunyumba kuli wodwala."

"Anesi timawaitana pa zoopsa zokha. Wobereka, wolumidwa ndi njoka, wodzitema ndi chikwanje. Wanuyo watani?"

"Thupi latentha kwambiri."

"Mugulireni mapiritsi pagolosale. Ndikawadzutsira kutentha thupi, mawa mpando uno akhalapo wina."

Anabwezera wayilesi pakhutu. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana loko wa pageti. Mawuwo ndinali nawo mkamwa, koma kunena za kumaso kwa apongozi ako kwa mwamuna wina, pamsewu, masana, ndi chinthu chomwe amayi anga akanandimenya nacho mbama. Mwana anayamba kulira kumsana.

"Akukodza magazi," ndinatero. "Akunjenjemera. Madzi asiya kumwa."

"Ndani?"

Ndinawatchula. Mlondayo anazimitsa wayilesi.

"Amene uja? Tinalondera limodzi zaka zambiri ameneyo." Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Ndiye onena zimenezi mukhale inu, mpongozi wake?"

"Mwana wawo ali kufakitale."

Anadzuka n'kuzungulira kuseri, akuthamanga monga amathamangira munthu wokalamba.

Anesi anabwera thovu la sopo lili m'manja, atamanga chitenje pamwamba pa diresi. Anali akuchapa. Anayamba kundifunsa mafunso motsatizana. Zayamba liti? Mkodzo ukutuluka kapena watsekeka? Msana ukupweteka mbali iti? Asanza?

"Sindikudziwa, anesi."

"Simunawafunse?"

"Ndi apongozi anga."

"Nanga apongozi alibe impso?" Anapukuta manja pachitenje. "Mverani, mayi. Matenda a njira ya mkodzo kwa mwamuna wamkulu, akafika potenthetsa thupi ndi kunjenjemeretsa, ndiye kuti akukwera. Akafika ku impso, kenako m'magazi. Amenewa sadikira Lolemba. Tengani botolo ili akodzeremo, mubwere nawo pompano. Musawayendetse pansi."

Kabotoloko kanali kakang'ono, kachivindikiro chofiira. Ndinakakulunga pansonga ya chitenje. Njira yonse yobwerera ndinkayeseza mawu. Iwe, auze agogo kuti anesi akuti. Akuti chiyani? Ndinkafika pamenepo n'kukakamira.

Ndinawapeza atagona chammbali pamphasa, aneba ataima pakhomo manja ali pamutu. Nyumba yonse inkanunkha nandolo wopserera.

"Ayamba kuyankhula zosokonekera," anatero aneba. "Akundifunsa ngati ndakhoma geti la kusitolo."

Ndinagwada pamalo anga a masiku onse. Mwana anali atagona kumsana, mutu uli lende.

"Iwe, auze agogo kuti tipite kuchipatala."

"Uwauze amako Lolemba," anatero osatsegula maso. "Tochi yanga ili kuti?"

Ndinamasula mwana n'kumupereka kwa aneba. Ndinawauza kuti aimbire wakabaza wanjinga yamoto, atuluke naye mwanayo panja. Kenako ndinalowa. Ndinayenda ndi maondo mpaka pamphasa pawo, pafupi moti ndinkamva kutentha kwa thupi lawo pankhope panga.

"Abambo."

Anatsegula maso.

"Abambo, ndine mpongozi wanu ndikuyankhula. Mkodzo wanu uli ndi magazi, ndaona ndekha kuchimbudzi. Ndakanena kwa anesi. Akuti mukodzere m'botolo ili, tipite pompano."

Anayang'ana uku ndi uku. "Mwana ali kuti?"

"Mwana kulibe. Ndi ine. Mukakana, mufera m'nyumba mwanga mwana wanu ali kuntchito. Ndikamuuza chiyani?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Tsiku limenelo ndi lomwe ndinadziwa kuti anali ndi chipsera pamwamba pa diso lamanzere. Zaka zitatu ndili pabanja lawo, nkhope yawo ndinali ndisanaione bwinobwino. Misala ija inaoneka ngati yawachokera kwa kanthawi, ndipo chomwe chinabwera m'malo mwake chinali manyazi. Anatambasula dzanja. Ndinawaikira botolo m'manja mwenimweni, n'kutuluka.

Anachedwa. Ndinkamva kubuula kudzera pachitseko, ine nditaima panja ndikuyang'ana njira ya njinga.

Wakabaza atafika tinaona kuti okha sangakhale. Ankagwera kumbali ngati thumba losadzadza.

"Wina akhale kumbuyo awagwire," anatero wakabaza. "Akagwa panjira ine mlandu sindiufuna."

Amuna onse a mzere wathu anali kuntchito kapena kumpira. Aneba anali ndi mwana wanga m'manja, ndipo thupi lawo ndi lalikulu, panjingapo atatu sakanakwana. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Ndinamasula chitenje changa chapamwamba, chija anandigulira amuna anga mwana atabadwa, n'kuwamanga apongozi m'chiuno pamodzi ndi wakabaza. Ndinakwera kumbuyo n'kuwakumbatira. Azimayi a mzere wonse anali atatuluka m'makomo.

Kukiliniki anesi anali atavala kale yunifolomu. Anawabaya chala, malungo sanapezeke. Anaviika kapepala mu mkodzo uja, n'kupukusa mutu. Anawabaya jakisoni, n'kulemba kalata msangamsanga.

"Ndayambako, koma awa ndi a diripi. Pitani nawo kuchipatala cha ku Boma. Galimoto ya esiteti yapita ndi mayi wapakati, sindikudziwa ibwera nthawi yanji. Musaidikire. Mukafika musakaime pamzere wa tsiku ndi tsiku, mukalowe khomo la odwala mwadzidzidzi, silitsekedwa. Muonetse kalatayi."

Ndinaika kalata m'bulauzi. Tikutuluka pageti, mlonda uja anavula chipewa n'kuitana mnzakeyo ndi dzina lawo la kuntchito. Apongozi anatembenuzira nkhope kwina.

Mvula inatipeza tisanatuluke m'minda ya tiyi. Dothi lofiira la kuno likanyowa limaterera ngati sopo. Njinga inkavina, wakabaza akutsitsa miyendo uku ndi uku, akutukwana chapansipansi kenako n'kupepesa. Pachitsikiro china tayala lakumbuyo linatsetsereka mpaka tinatsala pang'ono kulowa mu ngalande. Ndinawagwira apongozi mwamphamvu mpaka ndinamva nthiti zawo. Mutu wawo unkagwera paphewa panga. Ndinkawaitana kuti asagone.

"Abambo! Abambo, tatsala pang'ono."

Titatsala pang'ono kufika pamsewu wa tala, ndinamva kufunda pantchafu zanga, kosiyana ndi kuzizira kwa mvula. Sanathe kuugwira mkodzo. Unanyowetsa chitenje chija ndi siketi yanga. Thupi lawo lonse linauma gwa.

"Pepani," anatero.

Sananene kuti uwauze amako. Anangoti pepani.

"Ndi mvula, abambo," ndinayankha.

Tinafika kuchipatala dzuwa lisanalowe. Kalata ija inagwira ntchito. Anawagoneka pabedi n'kuwaika diripi, ine nditaima pakhonde, zovala zikudontha. Mawere anali atatupa, mkaka ukutuluka wokha mpaka bulauzi kumata. Apo ndi pomwe ndinakumbukira kuti mwana sanayamwe chichokere masana. Adokotala anatuluka n'kufunsa wobwera ndi mkuluyo.

"Ndinu mwana wawo?"

"Mpongozi."

"Matendawa anali atafika kale ku impso. Mwachita bwino kubwera lero."

Amuna anga anafika atangoweruka, akadali ndi fumbi la tiyi m'tsitsi. Aneba ndi omwe anawauza. Analowa kukaona bambo awo, potuluka anakhala pambali panga. Kenako anavula jekete n'kundifunditsa. Iwo anatsala, ine ndinakwera minibasi kubwerera kwa mwana.

Apongozi anagona m'chipatala masiku asanu, n'kuchira. Atatulutsidwa sanadzere kwathu. Anauza mwana wawo kuti awakweze minibasi ya kwa Nsabwe pomwepo. Chipewa chawo ndi chikwama zinatsala m'nyumba mwathu, anakapereka ndi amuna anga mwezi wotsatira.

Nkhani inayenda malaini onse. Ena ankati ndinapulumutsa munthu. Ena ankati mkazi wamakono alibe manyazi, wakumbatira apongozi ake panjinga anthu akuona. Aneba ankawayankha kuti, "Inu mukanawakumbatira ali m'bokosi?" Ndikanati ndibwerere ku Loweruka limenelo, ndikanachita zomwezo, mwina msanga kuposa pamenepo.

Papita zaka ziwiri. Ali moyo, amalima, madzi amamwa. Nyengo ya nthochi amatitumizira mkoko. Koma kuno sanabwerenso. Tikapita kwa Nsabwe amanyamula khasu n'kupita kudimba, kubwera kwake ife titalowa m'nyumba. Mwana uja tsopano amayankhula yekha. Tsiku lina ndinamutuma kuti, "Pita ukawauze agogo kuti madzi atentha." Anathamanga, n'kubwerako.

"Ati chiyani?"

"Angoti zikomo."

Zomwe zinatayika tsiku limenelo ndi izi: mphika umodzi wa nandolo, pamodzi ndi mphika womwe. Chitenje chimodzi, chomwe ndinachichapa katatu koma sindinachivalenso. Ndi macheza aja a pakhomo, ine nditagwada, mwana ali pakati, iwo akudandaula za mchere.