Zala za Hamadi M'makutu

Hamadi wa kwa Ngokwe anakula zala zili m'makutu. Chigayo chikalira kapena njinga yamoto ikadutsa, iye ankatseka makutu n'kuyamba kugwedezeka. Sankayang'ana munthu m'maso. Ukamufunsa kuti "Wadya?" ankakubwezera "Wadya?" yemweyo, ndi kamvekedwe ka mawu ako. Kusukulu anamubweza ali Sitandade 2. Namwino wina ku Balaka anati zimenezi amazitcha otizimu, ndipo amayi a Hamadi, a Lukiya, anabwerako ndi dzina lokhalo.

Nkhawa ya a Lukiya inali imodzi: iwo akadzatsikira kulichete, mwanayu adzakhala ndani pamudzi? Anthu amasunga amene ali ndi malo pakati pawo.

Panali mawu amodzi amene Hamadi sankawathawa: adhana, kuitanira anthu ku swala. Che Sharifu, woitanira pamzikiti, akakweza mawu, Hamadi ankaima pakati pa thonje, khasu lili m'manja, milomo ikutsatira. Zaka zinadutsa ngati mitambo yolowera kunyanja ya Chiuta, mpaka iye anamera ndevu, Che Sharifu n'kukalamba.

Lachisanu lina chifuwa chinawatsekera mawu a mdalawo. Dzuwa linafika paliwombo, amuna akukankhizana kuti aitanire ndani. Hamadi anadzuka mwakachetechete n'kukaima pamalo pa Che Sharifu.

"Iyayi, m'chotseni, atichititsa manyazi," anatero bambo wina.

"Inu mukaitanira, nkhuku zimathawa," ananong'ona Che Sharifu. "Musiyeni."

A Lukiya anali panjira, akubwera ndi amayi anzawo. Anaona mwana wawo akukweza manja n'kuika zala m'makutu, monga amachitira woitanira aliyense, monga iye ankachitira chibadwire. Mawu amene anatuluka anali a Che Sharifu, koma a kale, a masiku amene Hamadi anawamva koyamba ali kumsana. Mawuwo anayenda pang'onopang'ono pamwamba pa minda, thonje likuyera. Mdalayo anaweramitsa mutu, akumvetsera unyamata wake.

Mpaka lero Hamadi ndiye amaitanira. M'maso sayang'anabe munthu, chigayo amachilambalala, ndipo thonje lake ndi lapakatikati.

Masika apitawa shehe anafika pakhomo atanyamula mpunga m'kathumba.

"Odi! Che Hamadi alipo?"

A Lukiya anacheukira uku ndi uku, kufuna mlendo wotchedwa choncho. Kenaka anazindikira kuti akunena mwana wawo, nakamuitana kuseri kwa nyumba.