Ku Joni n'kutali

Bambo anapita kumigodi ya ku Joni ine ndili kumsana. Poyamba ankatumiza uthenga ndi mabulangete, kenako zii. Kwathu ku Maganga munthu wotere timamuti mtchona, koma mayi sankalola mawu amenewo pakhomo pathu. Ine ndi mlongo wanga tikafunsa za bambo, yankho linali limodzi: "Ku Joni n'kutali, ana inu. Munthu amatha nsapato asanaone n'komwe pakati pa njira."

Tinkakhulupirira ndi mtima wonse. Anzanga kusukulu akamandinena kuti ndilibe bambo, ndinkatukula mphuno n'kuwauza kuti bambo anga ali m'njira, kungoti njirayo ndi yaitali. Wina wokanika ndinamung'ambira diresi pa nkhani yomweyi, ndipo mpaka lero sindinamupepese.

Nditakula ndinakhala namwino. Chaka china kuchipatala anandisankha kuti ndiperekeze mayi wodwala mtima pa ndege yochokera ku Blantyre kupita ku Johannesburg. Nditapita kumudzi kukatsanzika, mayi anayamba ayeza siketi yanga ndi maso, poti masiku amenewo mkazi kuonetsa mawondo unali mlandu. Kenako anandilongedzera kamba: usipa wokazinga, chinangwa chophika, mtedza, basiketi mpaka kukana kutsekeka. Sanandiyang'ane kumaso ngakhale kamodzi.

Sitima yochokera ku Salima inandigwedeza tsiku lonse kuti ndikafike ku Blantyre. Ndinati ngati kuno kokha kuli chonchi, ku Joni ndikafika nditamera imvi. Ndege inanyamuka titangomwa tiyi wam'mawa. Ndinaona wodwala wanga, anatipatsa chakudya m'timbale ting'onoting'ono, ndipo ndisanamalize n'komwe kuchita mantha, ndinamva akuti timange malamba, tikutera. Dzuwa linali lisanafike pamutu. Basiketi ija ndinali ndisanaitsegule.

Ndinalira pabwalo la ndege pomwepo, anthu n'kumayesa kuti wodwala watisiya. Kunali kupsa mtima. Bambo sindinawafunefune, mumzinda ngati uja ndikanayambira pati?

Nditabwerera kumudzi ndinapeza mayi kugombe akutembenuza usipa pathandala. Ndinangolonjera pang'ono n'kuyamba.

"Amayi, ku Joni si kutali ayi. Munthu umadya kadzutsa kuno, nkhomaliro n'kukadyera konko. Ku Blantyre ndiye kutali."

Sanasiye ntchito yawo. "Ndikudziwa," anatero. "Amuna a anzanga sankabwera pa ndege zomwezo ndi mawailesi? Umayesa ndinalibe maso?"

"Nanga munkatinamiziranji?"

Apa ndiye anaimirira, n'kupukuta manja pachitenje. "Iwe, ukanakonda ndikuuze chiyani? Kuti abambo ako ali pafupi koma sakukufuna? Unali kamwana, ukanakula nazo bwanji zimenezo? Mtundawo ndinkawonjezera ndine. Ukamakula, nane ndinkautalikitsa."

Ndinaganiza za zaka zonse zimene mayi ankaona amuna a eni akutsika basi ndi masutukesi, iwo n'kubwera kunyumba kudzatiphikira, kutiseketsa, ndi kutiuza kuti bambo akadali m'njira. Ine ndinakula ndili mwana wodikira bambo ake, osati mwana wotayidwa, ndipo zimenezi ndimawathokoza nazo mayi mpaka lero.

Ndinafunsa chinthu chimodzi chokha: "Nanga inuyo, ankakunamizani ndani?"

"Ine panalibe," anatero. "Gwira uko, nsomba zikupsa ndi dzuwa."