Esinati wawotcha makope anga a kiyi

Mwaswera bwanji nonse.

Dzulo Esinati, mwana wa achimwene, anachotsa pasiwedi yolowera pa seva, kompyuta ya ku Blantyre imene timasungako zikalata za munda wathu wa ku Ndamera. M'malo mwake anaika kiyi, kafayilo kokhala mu laputopu yanga yokha.

Lero, monga ndimachitira ndi chikalata chilichonse, ndakasindikizitsa makope atatu a kiyiyo pa boma. Esinati atawaona wagwira kumutu. "Bambo aang'ono, wosindikizayo tsopano akhoza kulowa!" Wafufuta kiyiyo, wapanga ina, mapepala anga n'kuwawotcha ine ndikuona.

Zandiwawa. Kalata ya ubatizo ya malemu bambo ilipobe chifukwa madzi atasefukira ndinathawa nditasenza fayilo ya mapepala pamutu.

Mwina mwanayu akunena zoona. Koma abale, ndiuzeni: laputopuyi ikadzamira, zikalata za munda tidzazitenga bwanji?