Munamusiyitsa Mankhwala a TB, Wanu Mwana Akumwa

Kiliniki ija ya kuseri kwa msika wa ku Chipata inandiphera mlongo wanga Misheki. Ndikunena poyera. Mwini wake akundidziwa bwino, timapemphera tchalitchi chimodzi.

Misheki ankatsitsa katundu pa malole ku Mwami. Anabwera kwathu ku Kasenengwa atawonda, akutsokomola. Kuchipatala chachikulu anamuyeza n'kutiuza mosabisa: kachilombo kalipo, TB iliponso. Kachilomboko kalibe mankhwala ochiritsa, koma TB imachizika. Anayamba kumwa mapiritsi. Chifuwa chinayamba kuphwa, mpaka ankapita yekha kudimba.

Masiku amenewo nkhani ponseponse inali ya mapiritsi a njoka za m'mimba. Ena ankati akudzutsa odwala kaliwondewonde, ena ankati bodza. M'minibasi anthu ankakangana mpaka potsikira. Nesi wa kuchipatala anandiuza kuti palibe amene watsimikiza zimenezo, tisayerekeze.

Lamulungu lina titaweruka, adokotala a kilinikiwo anandikokera pambali. "Amake Grace, bwerani naye mlongo wanuyo. Aboma akubisa mankhwalawa chifukwa ndi otchipa."

Tinapita Lolemba m'mawa. Kodi anamuyeza? Ngakhale kumugwira pamphumi, ayi. Anangotenga mapiritsi a TB aja, nati ndi amene akumutha mphamvu, sagwirizana ndi atsopanowa. Ndinafunsa ngati kusiya sikungamuvulaze. Anaseka. "Ine ndingakunamizeni inu, mlongo wanga mwa Ambuye?" Anawatsekera m'kabati, n'kutipatsa a njoka aja.

Mwezi usanathe, Misheki anayamba kulavula magazi. M'kamwa zilonda zokhazokha, ngakhale phala silinkapita. Ndinabwerera kukiliniki. Mayi wa pawindo anati adokotala atuluka. Atuluka bwanji njinga yawo yamoto ili pakhomo? Auluka? Ndinakhala pabenchi mpaka anatulukira okha. Anati thupi likutulutsa zoipa, tipitirize. Ulendo wotsatira mawu anasintha: akuti tinachedwa kubwera naye. Tinachedwa ife? Munthu amene anabwera akuyenda yekha?

Tinamunyamula pangolo mpaka kumsewu, n'kumubwezera kuchipatala chachikulu. Atamugoneka, ndinadutsa pawindo lolandirira mankhwala a TB. Mukuganiza kuti ndinapeza ndani pamzere? Adokotala omwewo, atagwira dzanja mwana wawo wamwamuna, woonda ngati Misheki. M'manja mwawo muli mapiritsi omwe aja anatilanda.

Ndinawafunsa kuti, "Nanga mwana wanuyu bwanji simukumupatsa a njoka aja?"

Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Amake Grace, zija tikungoyesa. Munthu sungayesere pa mwana wako."

Ndiye kuti Misheki analibe mwini? Anali mbuzi?

Anamwalira sabata yomweyo.

Za mapiritsi a njokawo, kaya amathandiza kaya sathandiza, ine sindine dokotala, akanganirane okhaokha ophunzirawo. Koma kuyesa kumafunika kunena. Adokotala, mukanandiuza kuti n'zoyesa, ndikanasankha ndekha. Munanditchula mlongo, ndinakukhulupirirani kuposa nesi amene anandiuza zoona.

Anthu a ku Chipata, Madzimoyo, Kasenengwa, wina akakuuzani kuti musiye mankhwala a kuchipatala, mufunseni kaye chimene m'nyumba mwake akumwa. Ndipo akuluakulu a zaumoyo, ndani amaona zimene zikuchitika m'makiliniki awa? Alipo?

Inu adokotala, Misheki anasiya ana awiri, ndikulera ndine. Wamkulu amandifunsa chimene chinapha bambo ake. Kwathu mukukudziwa. Bwerani mudzamuuze nokha.